Foni Yomangidwa pa Chopondera

Mkazi wa atelala anali atatopa nako kulankhula. Amuna ake BP inali itakwera, koma tsiku lonse ankangokhala pa makina osokera ngati anawasokerera pampandopo. Akulu awo a atelalawo anagwa ndi sitiroko chaka chatha, ndipo mpaka lero amachita kuwadyetsa. Mayiyu sankafuna kuti zimenezo zilowenso m'nyumba mwake.

Kuchipatala, anamwino anawaikira atelala pulogalamu yowerenga masitepe pa foni.

"Muziyenda tsiku lililonse, bambo. Foniyi izikuwerengerani, ndipo mukakhalitsa pansi izikukumbutsani."

Sabata yoyamba foni inkaonetsa masitepe mazana anayi patsiku, zochititsa manyazi. Sabata yachiwiri anangolumpha mpaka zikwi khumi ndi ziwiri.

"Mwaona, mayi? Paja mumati ndine waulesi," anatero atelala akugwedeza foni m'mwamba.

Mayi anayang'ana nsapato zawo, zopanda ndi kafumbi komwe. Anayang'ana mimba, ili momwemo. Mtima unakana.

Tsiku lina anawapititsira kushopu mankhwala amene anaiwala. Ali chilili pakhomo, foni inalira, koma kulirako kunkachokera pansi pa makina. Atawerama anaipeza itamangidwa ndi kansanza pa chopondera, ikukwera ndi kutsika limodzi ndi phazi la atelala.

"Abambo! Izi ndiye ziti?"

"Mwendo ukugwira ntchito, mayi. Si kuyenda komweko?"

"Kuyenda kwake kuti? Chiyambire m'mawa mwafika pati? Mukunamiza ndani, ine kapena manda?"

Mayi anapsa mtima mpaka misozi, chifukwa mantha anali atawakwana. Tsiku lokayezetsa BP anapita nawo kuchipatala n'kuulula zonse. Anamwino anapukusa mutu.

"N'chifukwa chake BP sikutsika. Foni mutha kuipusitsa, bambo, koma mtima wanu simungaupusitse. Ikani foni m'thumba, muziyenda mofulumirirako mpaka muzipuma mwamphamvu pang'ono. Yambani ndi mphindi khumi, katatu patsiku. Mankhwala musasiye."

"Nanga ntchito?" anadandaula atelala.

"Zovala mukasoka, bwanji osakapereka nokha wapansi?"

Anamwino anaikanso pulogalamu ija pa foni ya mayi kuti aziyenda limodzi. Masiku oyamba atelala ankang'ung'udza msewu wonse, akuti mawondo, akuti dzuwa. Mayi ankangowatsogoza. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kupikisana masitepe, ndipo atelala akagonja ankazungulira nyumba kuti apose akazi awo.

Patatha miyezi iwiri, anamwino anawayeza kawiri kuti atsimikize.

"Yatsika, bambo. Pitirizani."

Mayi anakhala pabenchi n'kupumira m'mwamba.

Pulogalamu ya pa foni imathandiza kuwerenga, kukumbutsa ndi kulimbikitsa, koma siingakuyendereni. Dzukani muyende nokha tsiku lililonse, ndipo pezani mnzanu woyenda naye.