Galimoto Yogwada ya Bambo Inácio

Sitima itasiya kufika ku Cuamba chifukwa cha nkhondo, Bambo Inácio, amene ankaiyendetsa, anatsala ndi chipewa cha ntchito, ulemu wawo ndi galimoto yakale yobiriwira. Munthu akasowa chochita amayamba kuona chilema pa chinthu chabwinobwino. Iwo anaona kuti galimotoyo yatalika ngati nkhokwe.

Tsono mwana wawo Virgínia anali kukakwatiwa ku Mandimba, ndipo bambowo analumbira kuti akamufikitsa patchalitchi mwaulemerero.

"Dulani mamola, masipuling'i aja, achimwene, igone pansi," anatero Vicente, msuweni wawo amene anakhalako ku Joni. "Muikenso matayala aakulu. Kumeneko mabwana amayenda choncho."

Mestre Bernardo, mkulu wa amakaniko a njanji, anapukusa mutu. "Akulu, mamola ndiwo mawondo a galimoto. Mukawadula, dzenje lililonse lizifikira pamsana panu. Mukanyamula anthu, matayala aakuluwo azikhula m'mbali, mimba izikwekwesa pansi. Kukongola ikongoladi, koma msewu wa ku Mandimba ulibe maso."

"Ine ndakoka mabogi mpaka ku Nacala," anayankha Bambo Inácio. "Ndilephere kagalimoto?"

Anadula. Kunena zoona inakongola, mwakuti eni ake ankaizunguliza pamsika ngakhale analibe chogula.

Masiku amenewo ulendo unali wa koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Lamulo linali lakuti tayala lako liponde momwe laponda la mnzako wakutsogolo, poti m'mbali munkakwiriridwa mabomba. Malole olemera anali atakumba mikwasa iwiri yakuya, pakati n'kutsala mtumbira ngati wa mbatata.

Tsiku la ulendo galimoto ya Bambo Inácio inadumphadumpha mpaka Mayi Lurdes, akazi awo, anadziluma lilime. Asanafike ku Mitande inangoti khwe! n'kukhala pamtumbirapo ngati nkhuku yofungatira, matayala akuzungulira chabe.

"Koluna sidikira munthu, bambo," anatero msilikali. "Mukatsala, mwatsala nokha m'tchire muno."

Virgínia anayamba kulira. Bambo Inácio anayamba kufotokoza kuti vuto ndi msewu.

"Bambo a Virgínia, msewu muuweruza mawa," anatero Mayi Lurdes. Kenaka anakuwira anthu a m'lole yakutsogolo: "Amayi inu, tili ndi mkwatibwi kuno!"

Nthungululu zinalira. Anthu anatsika, aliyense akuponda m'mikwasa mokhamokha. Anakweza mkwatibwi ndi mayi ake m'lolemo, pamatumba a mchere, galimoto n'kupepukako. Amuna anaimanga chingwe kulole, akukankha uku akuseka, mpaka inachoka, n'kusiya paipi ya utsi pamenepo.

Amayiwo anaimbira Virgínia nyimbo za ukwati njira yonse, ndipo msilikali uja ankawomba nawo m'manja mozemba. Analowa mu Mandimba ndi chimkokomo, ukwati n'kuchitika anthu atadzaza mpaka panja. Bambo Inácio anafika pachingwe, atayera ndi fumbi, chipewa chili chilili, akugwedezera anthu dzanja ngati ndiwo akukoka lole.

Atabwerera ku Cuamba anakapeza Mestre Bernardo, n'kuyamba ndi kufunsa za ana, za mvula. Potsiriza anatsitsa mawu.

"Mestre, kodi mamola akadulidwa amaphukanso?"

"Si chinangwa, akulu. Khalani pansi, ngati msana ukulola."

Phunziro: Kutsitsa galimoto ndi kuikulitsa matayala kumakongoletsa, koma kumalimbitsa kayendedwe n'kuyandikiza mimba pansi. Musanadule chitsulo, funsani wodziwa, ndipo kaoneni kaye msewu umene mukadutse.