Belu la Mayi Ake a Ndaziona

Ndaziona anapeza tebulo lake litaima pakati pa mtsinje wa Mudi, madzi onunkha aja akumudutsa m'miyendo. Izo sanazilabadire. Chimene chinamuwawa n'chakuti kachipangizo ka bulutufu, kolumikizira foni popanda waya, kamene anagula kwa venda ku Limbe kankangophethira kagetsi kofiira, osamvana ndi bolodi ya belu lamagetsi imene anakalumikizako.

Ankafuna chinthu chimodzi basi. Mayi ake, amene sitiroko inawalanda mawu, azidina batani ali pabedi, foni yake izilira iye ali pa kaokala kake panja. Alongo ake anali atamutulira wodwalayo ngati thumba la makala, iwo n'kumangotumiza moni.

"Yankha, kachinthu kotchipa iwe," anatero.

Kachipangizoko kanatsokomola. "Ndikulankhula, mayi. Koma anzangawa akulankhulanso."

"Ndinayamba ndine," inatero bolodi.

Anatsala pang'ono kuziponya m'madzi zonse ziwiri. Pomwepo malemu bambo ake, amene ankakonza mawailesi, anavuuka atavala suti imene anaikidwa nayo, yosanyowa n'komwe. Moni sanapereke.

"Mwalumikiza waya wotumiza kwa wotumiza mnzake, wolandira kwa wolandira," anatero. "Palibe akumva. Sinthanitsani."

"Munachoka n'kundisiyira zonsezi, lero mwadzukira mawaya?"

"Sinthanitsani," anatero bambowo, n'kumira.

Anasinthanitsa akukukuta mano. Kagetsi kaja kanafatsa, ndipo foni inalira. Inaliranso, osalekeza. Kuitana konse kumene mayi ake anaitana chidwalireni kunali kutaunjikana m'wayamo, ndipo tsopano kunkatuluka kumodzikumodzi, m'mawu awo akale aja. Madzi. Nditembenuze. Dzuwa likundiwotcha mwendo. Madzi.

Mtsinje unali utamufika m'chiuno. Ndaziona anapsa mtima koopsa, anayang'ana uku ndi uku kufuna womukalipira, koma pamtsinjepo anali yekha.

Kenako foni inalankhula motsitsa.

"Ukamandisambitsa umanena kuti watopa nane. Umanenera kukhoma, koma ndimamva. Chinafa ndi pakamwa pokha, mwanawe."

Anadzidzimuka tsaya lili patebulo, dzuwa la masana litalowa pazenera. Mawaya anali mmene anawasiyira, kagetsi kakuphethirabe mwaliuma. Kuchipinda kwa mayi ake supuni inkagogoda kapu, ndipo Ndaziona sanadziwe kuti inayamba nthawi yanji.