A Mkulu ndi Mitima Inayi

M'chipinda cha amuna othyoka miyendo munali bedi limodzi lokha la pazenera, ndipo ankagonapo Dalaivala. Sanalipeze mwaulemu ayi. Analiwina pa poka, masewera a makadi omwe anabweretsa iye mwini. Ankabetcherana zitsekerero za mabotolo, ndipo lamulo linali loti belu la chakudya likamalira, wa mulu waukulu ndiye mwini bedi. Anesi analibe nazo ntchito, bola pasakhale phokoso.

A Mkulu wa mpingo ankalifuna bedilo kuposa mankhwala. Njinga yamoto yomwe inawathyola ntchafu inagwetsanso akazi awo, ndipo mayiwo anawagoneka kuchipinda cha amayi, tsidya lina la bwalo, pazenera penipeni. Telala, yemwe ankazungulira paliponse pa chikuku, ankawaona tsiku ndi tsiku akusuzumira kuno. Koma a Mkulu mwendo unali m'mwamba, womangidwa kuchitsulo, maso kukhoma. Ankawasowa akazi awo koopsa, mpaka tiyi kumukana.

Ndiye analowa njuga, munthu wa Mulungu! Tsoka lake, ankasewera ngati akuwerenga zolengeza za kutchalitchi. Makadi akakhala abwino ankaonjezera zitsekerero, aliyense n'kuthawa. Akakhala oipa ankausa moyo n'kuwataya. Dalaivala sankavutika n'kuwayang'ana komwe.

"Bambo, inu mumaonekera mkati ngati botolo," anatero Telala tsiku lina akuwakonzera pilo. "Nthawi zina muzionjezera mulibe kanthu."

"Limenelo ndi bodza, mwanawe. Ine sindinama."

"Chabwino. Nanga mutakhala ndi makadi anayi a mitima, lachisanu lisanagwe? Asanu amaphwanya pafupifupi chilichonse. Mukaonjezera pamenepo, mnzanu akhoza kuthawa, mwawina. Akalimba, mtima wachisanu ukhoza kugwa, mwawinanso. Bodza lili pati? Si inu nomwe mumatiuza kuti tizikhulupirira zinthu zosaoneka?"

A Mkulu anamukalipira kuti asamasewere ndi Mawu. Telalayu kutchalitchi ankangopita kukaona ngati masuti omwe anasoka akuwakhala akwati, koma apa anali atalalikira ndithu.

Mawa lake masana Telala anaima ndi chikuku chake pakati pa mabedi awiriwo, thireyi pamiyendo, n'kumagawa makadi. Fungo la chakudya litayamba kumveka m'khonde, a Mkulu anapezeka ndi mitima iwiri m'manja, ina iwiri ili pa makadi a onse pathireyi. Linatsala khadi limodzi loti livundukulidwe. Dalaivala, akuimba likhweru, anakankha theka la mulu wake. Iye anadziwa kuti mdalayu ausa moyo monga mwa masiku onse.

Mpweya unafikadi pakhosi, koma a Mkulu anaumeza. Anatseka maso, akupemphera chamumtima, n'kukankha zitsekerero zawo zonse.

Likhweru linatha. Dalaivala anayang'ana makadi ake awiri a mafumu, n'kuyang'ana mdalayo.

"Mwagwira chiyani, a Mkulu?"

"Ndili ndi chiyembekezo chachikulu," anayankha a Mkulu, ndipo sananame.

"Aaa, awa akatero ndiye kuti zapsa." Dalaivala anaponya makadi ake pansi. "Ine si chitsiru."

Belu linalira nthawi yomweyo. Panalibe chowerengera, mulu wa a Mkulu unkaoneka ndi maso. Koma Dalaivala mtima sunakhale m'malo. Anatambasula dzanja n'kutembenuza makadi a mdalayo, kenako lotsala lija. Linali lakuda bii, osati mtima, lopanda ntchito.

"Mayo ine! Analibe kanthu! Anthuni, mkulu wa mpingo wandibera masana dzuwa likuswa mtengo!"

"Ndinakhulupirira," anatero a Mkulu mofatsa. "Kungoti yankho silinabwere."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete, mpaka wina wa nthiti zothyoka kupempha kuti amuchitire chifundo asiye kumuseketsa. Anesi anabwera mokwiya, koma atamva nkhani anakankha okha mabediwo, Dalaivala akutukwana njira yonse ya kukhoma.

Kuwala kunawathobwa a Mkulu m'maso. Ataphethira, anawaona mayi aja tsidya lija, ataonda, dzanja lili m'bandeji. Mayiwo anagwira pakamwa, kenako anayamba kubayibitsa ngati kamtsikana. A Mkulu misozi inangoti mbwee, ndipo sanaipukute.

A Mkulu atatha kulira, mayiwo analoza bedilo n'kutambasula chikhatho, kufunsa kuti mwafika bwanji pamenepo? A Mkulu anawadziwa bwino akazi awo. Akanamva za njuga akanadzuka ndi mabandeji omwewo kudzawatsina khutu. Ndi dzanja lamanzere anakankhira zitsekerero pansi pa bulangeti, lamanja n'kuloza kumwamba mwaulemu.

Mayiwo anakweza manja kuthokoza Mulungu.

"Nanga limenelo si bodza, Bambo?" anafunsa Telala. "Lilinso ndi mitima inayi?"

"Khala chete, mwanawe," anatero a Mkulu, akumwetulirabe kuzenera. "Mawa ugawe msanga."