Mipando ya Bataliyoni

"Ine ndikangotsokomola, bataliyoni yonse inkaima njo!" anatero alamu anga ali pampando wometera, thovu lili kuchibwano. Wometa anandiyang'ana pagalasi. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Alamuwo anapuma usilikali ali kopolo chabe, wa mizere iwiri yokha pamkono, koma za bataliyoniyi takhala tikuzimva chikwatireni achemwali anga.

Zinavuta pamene mwana wawo wamkazi ankakwatiwa. Alamu analengeza kuti asilikali awo onse abwera ku ukwati. Achemwali, munthu woopa kuimiritsa mlendo, anandifunsa kuti bataliyoni ndi anthu angati. Ndinafufuza pafoni: sekishoni ndi anthu ngati khumi, masekishoni angapo amapanga pulatuni, mapulatuni amapanga kampani, makampani ndiye bataliyoni. Mazanamazana. Ndikanawauza zomwe ndinkakayika, koma masiku amenewo ndinkadya kwawo.

Achemwali anagulitsa makina awo osokera, n'kubwereka tenti yachiwiri ndi mipando yodzaza lole. Alamu ataona loleyo ikutsitsa, anatsegula pakamwa, kenako anatsekapo bwinobwino.

Tsikulo kunabwera madala asanu, mmodzi ali pandodo. Anakhala kutsogolo kwa tenti yachiwiri ija, kumbuyo kwawo mipando ili mbee mpaka kumpanda. Abale a mkwati ankadutsa pomwepo mobwerezabwereza, ati akufuna madzi.

"Enawo ali m'njira?" anafunsa achemwali.

"Ena ati, mayi?" anatero wandodo uja. "Ena anatsogola kale kumanda, wina ali gone kuchipatala. Otsala ndi ife. Kodi Kopolo sanakuuzeni?"

Achemwali anangoyamba kuwongola mpando umene unali wowongoka kale.

Sindinaonepo alamu akuyenda pang'onopang'ono chonchija. Anakatenga maikolofoni kwa woimba, n'kutsokomola. Palibe anaima.

"Amayi, pamaso pa anthuwa: inali sekishoni. Bataliyoni ndinkangoionera patali ngati wina aliyense."

Madala aja anagwedeza mitu, kuvomereza msanga kuposa momwe zinafunikira. Alamu anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kiyi wa njinga yawo yamoto, imene ngakhale ine sindinkaloledwa kuitsamira.

"Igulitseni. Makina aja abwerere."

Achemwali anamutembenuza kiyiyo, namuponya m'chikwama, n'kutseka zipi.

"Zamveka, a Kopolo. Alendo akamaliza kudya, sekishoni yanuyo ipakire mipandoyi m'lole muja."