Chopanira Mphuno Pansi pa Pilo

Kanthuko kanagwa pamene Kachule ankasolola pilo wa malemu bambo ake m'nsalu yake. Kanadumpha kawiri pa simenti n'kukaima pafupi ndi phazi la azakhali. Kanali kachitsulo kopindika, kokhala ndi timphira tiwiri kunsonga: chopanira mphuno.

"Usachigwire," anatero azakhali, mlongo wamkulu wa malemuwo, uku akukankha chitseko cha chipinda ndi chidendene. "Apolisi amayang'ana zala."

Koma Kachule anali atachitola kale.

Panali patatha masiku atatu chiwaikire bambo ake m'manda. Kwa zaka makumi atatu bamboyo ankaphunzitsa anthu kumira pansi pa madzi popanda mabotolo a mpweya, kudziwe lalikulu losambiramo la mumzindamo. Ndi iwo amene anamupatsa dzina loti Kachule ali ndi zaka zisanu, ndipo dzinalo linakana kuchoka. Zopanira mphuno m'nyumba muno zinali ngati masipuni. Komabe munthu amene mapapo ake anali atatha, amene ankapumira m'mwamba akangoyenda kuchoka pabedi kukafika kubafa, ankatani nacho pansi pa pilo?

"Ukanabwera msanga ukanadzimvera wekha," azakhali ananong'ona. "Sabata yonse yomaliza ine ndimagona chipinda icho. Ikangokwana teni koloko m'mawa, mkazi wakeyu amatseka chitseko ndi kiyi. Kuli zii. Kenaka phokoso la pakhosi, ngati munthu akutsamwa. Kenaka kupuma kwa munthu amene wavuulidwa m'madzi. Kasanu n'katatu tsiku lililonse, ndimawerenga. Ndikagogoda, amatuluka maso ali psuu, akuti alongo anu akupumula."

"Adokotala anati ndi mapapo, azakhali."

"Adokotala amagona muno?"

Anatsegula chikwama chawo natulutsa wotchi yowerengera masekondi ndi kabuku kachikuto chobiriwira. Anali atazichotsa m'dirowa tsiku la maliro lomwelo.

"Mawa m'mawa tikupita kupolisi, iwe ndi ine. Ndiwe mwana wake, iweyo adzakumvera. Ndipo dzuwa la mawa lisanalowe, mkazi ameneyu akhale atatuluka m'nyumba muno."

Kachule anakhala pa matilesi opanda nsaluwo n'kutsegula kabukuko. Tsamba lililonse linali ndi deti ndi mizere isanu ndi itatu. Kumanja nambala sinkasintha: mphindi ziwiri, mphindi ziwiri, mpaka pansi. Kumanzere inkatsika ndi masekondi khumi ndi asanu mzere uliwonse. Ankaidziwa ndondomeko imeneyi monga ankadziwira mawu a bambo ake. Kumanja ndi nthawi yogwira mpweya, kumanzere ndi nthawi yopuma. Kupumako kukamachepa, mpweya woipa umaunjikana m'thupi, ndipo ndi umenewo umene umakuwa kuti puma, puma, pamene mpweya wabwino ukadalipo wokwanira. "Thupi limayamba kulira lisanapweteke," ankatero bambo ake kwa ophunzira atsopano. "Ntchito yathu n'kuliphunzitsa kuti lisamafulumire kulira."

Anatsegula masamba omaliza. Zolemba zopendekera za bambo ake zinathera pa masiku khumi asanamwalire. Kuchokera apo zinali zolemba zozungulira, za dzanja la mkazi. Tsamba lomaliza linali la m'mawa womwe anamwalira, ndipo mizere yochongedwa inali isanu yokha.

"Wachisanu ndi chimodziwo ndi umene unamumaliza," anatero azakhali.

Kachule anawapeza mayi ake owapeza m'khitchini, akutsuka timakapu tomwera mankhwala tomwe panalibenso woti amwere. Mayiyu kale ankagulitsa matikiti pachipata cha dziwe lija, ndipo ankadziwika kuti amaopa madzi moti ankayenda chokhudza khoma akamadutsa m'mphepete mwake. Anakwatiwa m'nyumbamo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Pa zaka zonsezo Kachule sanawaitanepo kuti amayi. Ankangoti inu.

Anaika chopanira mphunocho, wotchi ndi kabuku pafupi ndi sinki.

"Zolemba izi ndi zanu?"

Mayiyo anapukuta manja pang'onopang'ono. "Ndi zanga."

"Munthu wosatha kukwera masitepe atatu, mphindi ziwiri osapuma? Munkafuna chiyani?"

"Amene ankagwira mpweya ndine."

"Inu?" Kachule anaseka kuseka kopanda mano. "Inu amene mumasamba m'beseni mutagwira chitseko?"

"Wamva bodza lake?" anatero azakhali ali pakhomo la khitchini.

Mayiyo sanawayang'ane. Anatola chopaniracho n'kumupatsa Kachule. "Tayesani pa mphuno yanu. Ndi imodzimodzi ndi ya bambo anu."

Kachule anazengereza, kenaka anayesa. Kachitsuloko kanatsina kunsonga kokha n'kuterereka, kugwera m'sinki.

"Mphuno ya kwathu isakukhudzeni, alamu," anatero azakhali, dzanja lawo litapita lokha pa mphuno yawo. "Chaching'ono chomwecho munthu akhoza kuchikakamiza. N'chifukwa chake mlongo wanga ankabuula."

Zinali zotheka. Kachule anayang'ana nkhope ya mayiyo kufunafuna mantha, koma anangopezamo kutopa. Kodi kutopa kwa munthu wolira ndi kutopa kwa munthu wobisa kanthu kumasiyana pati? Analibe nthawi yoti azisinkhasinkha mpaka mawa.

"Ngati munali inu, tiyeni pabalaza. Mizere yonse isanu ndi itatu. Ine ndigwira wotchi."

"Sindinadye kanthu chiyambire m'mawa," anatero mayiyo. "Izi zimafuna m'mimba mopanda kanthu, ndiye nthawi yake ndi yomwe ino."

Anakankhira tebulo kukhoma. Mayiyo anagona chagada pa kalipeti, navala chopanira chija, chomwe chinakhala pa mphuno yawo ngati chinabadwira pomwepo. Kachule anagwada pambali. Azakhali anaima pakhomo atapinda manja, chikwama chili kukhwapa.

Mayiyo anapuma mofatsa mphindi ziwiri, osathamangitsa mpweya, mimba ikukwera ndi kutsika. Kenaka anakoka mpweya umodzi wautali n'kutseka pakamwa. Kachule anadina wotchi.

Mzere woyamba unadutsa ngati tulo. Wachiwiri chimodzimodzi. Kachule anadziuza kuti zimenezi sizikutanthauza kanthu: aliyense wokhala ndi mphunzitsi m'nyumba angathe kuba kaluso kamodzi kapena kawiri. Bodza limagwidwa kumapeto, kupuma kukatsala masekondi ochepa.

Pa mzere wachitatu anaona chala.

Chala cholozera cha dzanja lamanja la mayiyo chinadzuka pang'ono pa kalipeti n'kugonanso. Kachule anayang'ana wotchi. Patatha masekondi khumi ndi asanu chinadzukanso. Patatha ena khumi ndi asanu, chinadzukanso. Maso a mayiyo anali otseka, nkhope ili phee, ndipo panalibe amene ankawakhudza.

Lamulo loyamba la bambo ake linali limeneli, ndipo Kachule anali ataliiwala chifukwa cha mkwiyo: munthu sagwira mpweya yekha. Mnzake amakhala pambali, n'kumamugogoda paphewa kawiri, ndipo wogwira mpweyayo amayankha ndi chala kusonyeza kuti akadali maso. Chala ichi chinkayankha dzanja lomwe linali m'manda. Chinali chitazolowera kwa miyezi, ndipo munthu wogwira wotchi saphunzira zimenezi. Amaphunzira ndi amene wagona pansi.

Pa mzere wachisanu thupi linayamba kulira. Pansi pa nthiti panadzikoka mwamphamvu, kamodzi, kawiri, ndipo pakhosi panatuluka phokoso lotsamwa. Wotchi itakwana, mayiyo anatulutsa mpweya n'kukoka wina mwaphuma, ngati munthu wovuulidwa m'madzi.

Chikwama cha azakhali chinatsetsereka kukhwapa mpaka m'manja.

"Phokoso lija ndi limeneli?" anafunsa Kachule osatembenuka.

Azakhali anakhala pa mkono wa mpando.

Mzere wachisanu ndi chimodzi utayamba, chala chija chinadzuka n'kukhala m'mwamba, osafuna kugona. Misozi inatuluka m'makona a maso otsekawo n'kutsikira m'makutu. Kachule anasamutsira wotchi kudzanja lamanzere, natambasula lamanja. Anagogoda paphewa kawiri. Chalacho chinagona.

Anagogoda mpaka mzere womaliza, umene kupuma kwake kunali masekondi khumi ndi asanu okha, mimba ya mayiyo ikugwedezeka ngati muli kamwana kofuna kutuluka. Mphindi ziwiri zitakwana anapuma katatu mwamphamvu, anachotsa chopanira, n'kunena mawu omwe wophunzira aliyense wa bambo ake ankanena akatuluka m'madzi.

"Ndili bwino."



"Kudziwe kuli ophunzira atsopano asanu ndi anayi," anatero mayiyo akuyang'ana kudenga. "Bambo anu anawalonjeza kuti kalasi sifa. Anati ndikalembe mayeso a uphunzitsi mwezi wamawa, koma munthu sangaphunzitse zimene thupi lake silinazimve. Kusambira anandiphunzitsa chaka chatha, m'mawa anthu asanafike, poti ndinkachita manyazi. Atagona pabedi tinapitiriza ndi izi. Kenaka cholembera chinayamba kuwagwa m'manja, ndiye ndinkalemba ndine. Koma kugogoda sanasiye."

"Nanga tsamba lomaliza?"

"Pa mzere wachisanu ndi chimodzi ndinadikira dzanja lawo. Ndinakweza chala, ndikuganiza kuti aiwala. Ndinadikirabe. Nditatsegula maso, dzanja linali paphewa panga pomwepo, koma eni ake atapita."

Azakhali anatsokomola. "Nanga osanena bwanji, alamu?"

"Ndinanena tsiku lomwelo. Munati wakupha sasowa chonena."

"Chitseko munkakiyiranji?"

"Adokotala anawaletsa ntchito iliyonse. Ndipo alongo anu ankakuopani. Ankati mukadziwa muwalanda wotchi ngati mmene munawalandira mpira ali mwana."

"Mpirawo unaswa zenera," anatero azakhali. Anatsegula chikwama, kuyang'anamo, n'kuchitsekanso. Kenaka ananyamuka kupita kukhitchini, ndipo posakhalitsa kunamveka madzi akuthiridwa m'ketulo. Za apolisi sanazitchulenso.

Kachule anatsala atagwada, wotchi ili m'manja. Ankafuna kupepesa, koma mawu onse amene ankabwera anali aang'ono. Mayiyo anadzuka, natenga kabuku kaja, nakatembenuza n'kutsegula kuchokera kumbuyo.

"Ili anati ndidzakuonetseni mukadzafunsa. Simunafunse, komabe."

Linali tsamba limodzi, la zolemba zopendekera zija, inki yake yakale kuposa ya masamba ena onse. Mizere isanu ndi itatu. Kumanja masekondi makumi anayi okha, ndondomeko ya munthu woyamba kumene. Pamwamba panalembedwa kuti: Kachule, akadzafuna.

Kachule anali ndi zaka khumi ndi zinayi tsiku limene mimba yake inadzikoka koyamba pansi pa madzi. Anatuluka akukuwa, nawauza bambo ake pamaso pa kalasi yonse kuti ndi munthu wankhanza amene amakondwa ena akamavutika. Sanabwererenso kudziwe. Bamboyo sanamukakamize, sanaitchulenso nkhaniyo ngakhale kamodzi, ndipo iye ankayesa kuti anamutaya.

Anapereka wotchi kwa mayiyo n'kugona chagada pa kalipeti, pamalo pomwe panali pakadali pofunda.

"Chanu chija sichindikwana," anatero.

Mayiyo anapita kuchipinda nabwera ndi chopanira china, chachikulu, timphira take titatha mbali imodzi. Chinakhala pa mphuno ya Kachule bwinobwino.

"Pumani mofatsa. Musathamange, palibe akukuthamangitsani."

Kachule anatseka maso. Anamva ketulo ikuyamba kulira kukhitchini ndi azakhali akufunafuna makapu m'kabati yolakwika. Anakoka mpweya wautali n'kuugwira. Wotchi inadinidwa.

Pachifuwa panayamba kutentha msanga, ndipo mantha akale aja anabwera akuthamanga, akumuuza kuti ali yekha pansi pa madzi. Pamenepo zala ziwiri zinamugogoda paphewa, kawiri, mopepuka, kenaka chala chachikulu chinasisita pang'ono pafupa la phewa chisanachoke. Ndi munthu mmodzi yekha amene ankagogoda choncho.

Kachule anakweza chala.