Mphindi Zitatu pa Kaseti ya Laila

Loweruka limenelo Ilham anali ngati nkhuku yofuna kuikira. Kulowa kuchipinda, kutuluka. Kukhala pampando, kudzuka. Mahedifoni ali m'makutu, phazi likugunda pansi, mpaka anthu a nyumba yapansi anagogoda denga kawiri ndi mtengo wa tsache.

Vuto linali kaseti. Anti Towera, mnzawo wa mayi ake wa kuntchito, ankanyamuka madzulo omwewo kupita ku Malawi, ndipo anati adutsa kunyumba kwa a Ilham ku Hyattsville, kutsidya kwa nyanja kuja, folo koloko kudzatenga katundu. M'katundumo munayenera kukhala kaseti ya Laila, mkulu wake wa Ilham, amene anatsala ku Ntaja mapepala ake a ulendo atakanika, ndipo tsopano ankakwatiwa. Pabanjapo ndi mmene ankachitira: munthu akamapita kumudzi, aliyense ankalankhula pa kaseti motsatira ukulu, poti Laila analibe foni. Bambo analankhula m'mawa asanapite kukayendetsa takisi. Mayi ake, a Rahima, anadzaza mbali yoyamba ndi malangizo a banja, n'kusefukira mbali yachiwiri. Kumapeto kwenikweni anasiya malo a Ilham.

Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Chichewa ankamva chonse, ngakhale chomunena, koma kuti ayankhe, lilime linkalemera. Chaka chatha anangoti, "Muli bwanji, ine ndili bwino, bayi." Kaseti yoyankha inabwera ndi mawu a Laila akuti, "Ilham wanga anandiiwala, ine amene ndinkamubereka kumsana." Ananena moseka, koma mawuwo anamubaya mwanayo chaka chathunthu. Ulendo uno Laila anayenera kudziwa kuti sanaiwalidwe. Koma amuuza bwanji?

Ndiye anapeza nzeru. Nzeru za ana, abale inu!

Ilham ankapuma nyimbo za pop punk, ndipo mukamuputa pa nkhani imeneyi mumachedwa kuntchito. Kwa iye mabandi anali mitundu iwiri. Ena anayambira m'galaja ya makolo awo, oimba ngati akuthamangitsidwa, mawu otulukira m'mphuno, gitala yosadziwa zambiri, koma zonse zochokera pansi pa mtima. Enawo, amene anayamba kuoneka pa TV tsitsi atalikonza mwadala kuti lioneke losakonza, ankawatcha ogulitsa nsapato. Bandi yake yapamtima inali ya anyamata anayi a ku New Jersey amene kusukulu kwake ankadziwika ndi anthu atatu basi, ndipo iye zinkamusangalatsa zimenezo. Nyimbo yachisanu ndi chiwiri pa sidi yawo inkanena za kukwiyira munthu amene umamukonda. Ankaimvera m'sitima ya Green Line tsiku ndi tsiku, ndipo ikafika pamene ng'oma zimaima kamphindi n'kugwanso zonse pamodzi, ankaibwezanso kuti aimvenso. Ankati nyimbo yabwino si yokoma ayi, ndi imene imakunenera zimene wekha zakukanika.

Choncho anatengera wailesi ya kaseti kuchipinda, anaiyandikiza ku sipika, n'kudina batani lofiira. Nyimbo yonse inalowa. Anatuluka mtima uli m'malo, n'kupereka kasetiyo kwa mayi ake amene ankakanikiza sutikesi ndi bondo.

A Rahima sanali munthu wotumiza chinthu asanachimve. Anabweza tepi pang'ono n'kudina.

"Astaghfirullah! Chimenechi n'chiyani? Ziwaya zikugwa?"

"Ndi nyimbo, Mama," anatero Ilham, zotsalazo n'kumalizira m'Chingerezi: kuti Laila sakufunika kumva mawu ake, akangomva mmene mnyamatayo akukuwira, akadziwa zonse.

"Akadziwa kuti mng'ono wake wapenga!" A Rahima anazimitsa. "Iwe ukuyesa Laila akatsekera m'makutu ngati iwe? Kaseti imeneyi akaika pa wailesi ya amalume ako, pakhonde, mwambo wa ukwati wa nikaha ukangotha. Ashehe adzakhala pompo. Apongozi ake adzakhala pompo, ndi mudzi wonse mpaka ana. Atamva bambo ako, atamva ine, ndiye kenako izi? Ukufuna mwana wanga alowe m'banja mutu uli pansi?"

Ilham anauma. Zoona, sanaganizepo n'komwe. Kwa iye nyimbo inali chinthu cha munthu mmodzi ndi makutu ake awiri. Anaona m'maganizo azibambo a mikanjo yoyera atakhala pamphasa, gitala ikuwakuwira kumaso, Laila ali pakati pawo. Manyazi anamugwira, mkwiyo n'kubwera pamwamba pake.

"Ndiye fufutani," anatero.

"Ufufuta ndiwe, ndi pakamwa pako." Mayiwo anayang'ana wotchi ya pachitofu. Kunatsala mphindi makumi awiri, ndipo kaseti ina m'nyumbamo munalibe. "Phokosoli n'lotalika bwanji?"

"Mphindi zitatu, ndi pang'ono."

"Ulankhula pamwamba pake mpaka lithe. Ukasiya msanga, mchira wake ukatulukira pamaso pa ashehe. Ndipo usandisiyire chete, wamva? Kukhala duu mphindi zitatu anthu akudikira ndi mwano woposa nyimboyo."

Anabweza tepi mpaka pomwe mawu awo anathera, anaika wailesi patebulo, n'kudina batani lofiira. Ilham anachotsa mahedifoni m'khosi. Manja analibe poika.

"Salaam aleikum, achemwali. Ndine Ilham. Muli bwanji? Ine ndili bwino." Anayang'ana mayi ake. "Moni kwa alamu. Moni kwa amalume. Moni kwa ashehe."

Anayang'ana wotchi. Ngakhale theka la mphindi linali lisanakwane! Mayi ake anazunguza dzanja kuti pitiriza. Ananena za sukulu, kuti masamu ndi ovuta. Ananena kuti kuno kwayamba kuzizira, masamba akugwa. Mawu ankapunthwa, ena n'kugwera m'Chingerezi, iye n'kuwadzutsa. Ankadziwa kuti ana a ku Ntaja akagubuduka ndi phwete, akamuyeseza mpaka chaka chamawa. Phazi linayambanso kugunda pansi. Mphindi imodzi ndi theka, ndipo nkhani zaulemu zonse zinali zitamuthera.

Dzanja la mayi ake linazungulanso. Ndiye chinatuluka chimene chinali pansi.

"Achemwali, ine sindinakuiwaleni. Ndinakwiya." Mawu anayamba kuyenda okha, osapunthwanso kwambiri. "Tsiku lija ku Chileka ndinakana kukusiyani. Ndinagwira chitenje chanu. Inu munati, 'Tsogola, ine ndikwera ndege ya mawa.' Ine ndinali ndi zaka seveni, ndinakhulupirira. Ndinakusungirani mbali ya bedi. Ndinkafunsa Mama tsiku lililonse kuti mawa ndi liti. Kenako ndinasiya kufunsa, ndinasiyanso kulankhula Chichewa, chifukwa ndikalankhula ndimamva mawu anu."

Dzanja la a Rahima linali litagwera pamwendo. Belu lapakhomo linalira, Anti Towera atafika msanga, koma palibe amene anadzuka.

"Ndakusowani kwambiri," anatero Ilham, misozi ikulowa m'kamwa. "Mukhale bwino ndi alamu. Koma bwanji munandinamiza? Mukanangondiuza zoona. Bwanji?"

Wotchi inaonetsa kuti mphindi zitatu zadutsa kale. Ilham anatambasula dzanja kuti azimitse, akudziwa kuti mayi ake alamula kuti zonsezo zifufutidwe, poti si zonena pamaso pa apongozi. Koma a Rahima anamugwira pamkono. Anakoka mpando, n'kuweramira pa wailesi ija tepi ikuzungulirabe, ndipo analankhula ndi mawu amene Ilham anali asanawamvepo.

"Laila, ndi mayi ako. Inunso nonse muli pamenepo, imvani. Laila sananame yekha. Ndine ndinamuuza kuti anene choncho, kuti mng'ono wake asiye chitenje tikwere ndege. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala chete, ana anga awiri akusungirana mangawa chifukwa cha ine."

Belu linaliranso, kwa nthawi yaitali. A Rahima anazimitsa, anatulutsa kasetiyo osaimveranso, n'kuiika m'manja mwa Ilham.

"Pukuta maso. Kawapatse Anti ako wekha."