Batani Lachikasu la Debora

Lestina ankathyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo kuno. M'mamawa dengu kumsana, kubwerera dzuwa litapendeka, zala zili bii. Mwana wake Debora anabadwa manja ndi miyendo zosamumvera. Khosi linkagwera kumbali, malovu ankatsikira pachibwano, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Kapitawo sakanalola mwana wamkulu chotero kumunda. Ndiye tsiku lililonse Lestina ankamugoneka pamphasa, kumuikira mbatata ndi madzi pafupi, n'kutseka chitseko ndi loko. Kulira kwa loko ameneyo ankapita nako kumunda, tsiku lonse kuli m'makutu.

Zinthu zinasintha mu 2006, bungwe lina la ku Blantyre litabweretsa kompyuta ya ana olumala pasukulu ya pa esitetipo, poti panali magetsi ochokera kufakitale. Aphunzitsi a Hazel, a Sitandade 1, anabwera okha kukomboni kudzagogoda.

"Mayi a Debora, mwanayu muzimubweretsa. Pensulo sangagwire, inde, koma makinawa safuna pensulo."

Zinalidi zoona. Kompyutayo inali ndi batani limodzi lachikasu, lalikulu ngati mbale, lolumikizidwa ndi chingwe. Pagalasi pankabwera nkhuku, pansi pake zilembo zikudutsa chimodzichimodzi, ndipo mwana ankamenya batani chikafika chilembo choyenera. Akalasa, nkhuku inkavina. Debora ankamenya ndi chibakera, pena ndi chigongono, pena ndi chipumi chomwe. Tsiku lina Lestina ataima pawindo, a Hazel anamulozera pagalasi n'kumuuza kuti limenelo ndi dzina la mwana wake, walemba yekha. Mayiyo analira mokweza mpaka ana onse kuseka. Loko uja anakamuponya pansi pa bedi.

Koma ahedi, a Stafford, anali atanena poyera kuti: "Mwanayu tikumulandira chifukwa cha makinawa. Popanda iwo, ife tilibe pomuika."

Kenaka kunamveka kuti eni kompyuta akubwera kudzaona mmene ikugwirira ntchito. Eee, sukulu inatekeseka! Kusesa, kupaka laimu miyala ya m'njira, ana kuloweza nyimbo yolandirira alendo. A Stafford analowa m'kalasi n'kunyamula batani lija ndi zala ziwiri, nkhope atakwinya. Chikasu chinali chitasuluka pakati, m'mphepete litang'aluka, a Hazel atalimata ndi tepi.

"Alendo aone chimenechi? Anatipatsa chatsopano, ife tiwaonetse chonyansa? Aziti ndife anthu otani?"

Paja kwathu kuno cha mlendo timachisamala mpaka kupusa nacho. Mbale zabwino zimakalambira m'kabati, mipando sitiichotsa pulasitiki. A Stafford anatsekera batani lakalelo m'dirowa yawo, n'kutulutsa lina lapadera lomwe linali lisanatsegulidwe m'katoni. Kompyuta anaipukuta, anaibwezera m'mapulasitiki amene inabweramo, pamwamba nsalu yoluka ya akazi awo, pambali maluwa a m'botolo. Lestina atabwera kudzatenga mwana, ahediwo anamuimitsa pakhonde.

"Mawa mwanayu apume kaye kunyumba. Kubwera alendo."

A Hazel anati atsegule pakamwa, koma a Stafford anawadula. "Inu madamu mawa muli kukhitchini. Nkhuku zikudikira inu." Ndi mmene zimakhalira, alendo akabwera aphunzitsi aakazi amasanduka ophika.

Lestina zinamuwawa, koma angatsutsane ndi ahedi iye wothyola tiyi? Anagwada pansi pa bedi kufunafuna loko uja, akudziuza kuti ndi tsiku limodzi lokha.

Masana a tsiku la alendolo, Lestina ali pamzere wa kusikelo, anaona munthu akuthamanga pakati pa tiyi, chitenje chili m'manja. Anali a Hazel, akununkha utsi.

"Mayi a Debora, thamangani! Akutenga makina!"

Anafotokoza akupuma mwawefuwefu. Mlendo wamkulu, mayi wina dzina lake a Rukiya, anavundukula nsalu ija n'kupeza mapulasitiki, batani lili m'katoni losatsegula. Anapempha kuti aone mwana akusewera. A Stafford anaitana mwana wawo Stacy, wa yunifolomu yosita, miyendo yake yabwinobwino, amene anangozungulira kompyutayo kusowa poyatsira. A Rukiya anati ku Thekerani kuli ana olumala akudikira makina ngati amenewa, pomwe pano asanduka chokongoletsa tebulo.

"Nanga ahedi osanena zoona bwanji?" anafunsa Lestina.

"Anene kuti anabisa mwana, pamaso pa alendo? Angoti zikomo, akumwetulira! Ine powasambitsa m'manja a Rukiyawo ndawauza kuti mwana alipo. Akuti sukulu iliyonse imanena choncho, akufuna amuone ndi maso asananyamuke."

Lestina anataya dengu pomwepo, tiyi n'kumwazika. Kapitawo anakuwa kuti tsiku limenelo salilemba, koma iye sanacheuke n'komwe. Pakhomo kiyi anakanirira pamfundo ya chitenje, anachita kumasula ndi mano. Anabereka Debora, miyendo ya mwanayo ikumumenya m'mawondo, n'kuyamba chitunda cha kusukulu. Ankangoti akafika amukhazike patebulo, amenye kamodzi kokha, nkhuku ivine, a Rukiya aone.

Atatulukira pabwalo la sukulu, galimoto inali kale kumunsi, ikukhota pakati pa minda ya tiyi, fumbi lofiira lili m'mbuyo. Lestina anakuwa, anakupiza dzanja. Ndani akanamumva?

A Stafford anali pakhonde akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Ahedi, mwachita chiyani?"

"Mayi, tsitsani mawu. Pano ndi pasukulu, tizipatsana ulemu."

"Ulemu? Ulemu wake uti? Mwapaka miyala laimu, mwapha nkhuku, mwana wanga mwamutsekera m'nyumba ngati mbuzi! Malovu akewa ndi amene amakuchititsani manyazi? Makina aja anabwerera malovu omwewa, bambo inu! Sanabwerere maluwa anu a m'botolo!"

Aphunzitsi anasuzumira m'mawindo. Ana amene ankanyambita miphika kuseri anabwera kudzaonerera. A Stafford anayang'ana uku ndi uku, ndipo chimene chinkawapweteka, ndikukuuzani, sichinali Debora ayi, koma kuti mayi wa kukomboni akuwakalipira anthu akuona.

"Zachitika, zachitika," anatero. "Tilembera kalata bungwelo, mwina chaka chamawa. Pakadali pano musavutike n'kumubweretsa. Ndinanena kale."

Analowa mu ofesi, anakoka dirowa, n'kubwera ndi batani lakale lija, chingwe chikulendewera.

"Tengani ichi. Chikungotidzazira malo."

Debora ataliona anasangalala, thupi lonse kugwedezeka kumsana kwa mayi ake. A Hazel anamulandira n'kulowa naye m'kalasi, poti ankalozera komweko ndi mutu. Anamukhazika pamalo pake. Mwanayo anamenya batani n'kudzutsa khosi movutikira kuti aone nkhuku. Patebulo panali nsalu yoluka ndi botolo la maluwa. Anamenyanso, mwamphamvu. Anatembenukira kwa mayi ake, kenaka kwa a Hazel, ndipo a Hazel anatuluka panja atagwira pakamwa.

M'mawa mwake Lestina anayala mphasa, anaika mbatata ndi madzi, batani analiika pafupi ndi dzanja lamanja. Anakoka chitseko, loko n'kulira. Anakweza dengu kumsana n'kuyamba kutsika njira ya kukomboni. Asanafike pampopi anamva kumbuyo kwake, m'nyumba yotseka ija, pha! Kenaka kachetechete, wa mwana amene akudikira chilembo chake. Kenaka pha!